Tsamba 41, Pansi pa Mtengo wa Nimu

Bukuli linabwera m'katoni ya thandizo
pamodzi ndi ndowa, sopo ndi mabulangete,
ngati kuti ku Bangula kuno kumazizira.
Galamala ya Chingerezi, chikuto chodyedwa ndi chinyezi,
ziganizo zake zonse zokamba za besibo,
masewera amene ine Alufandika,
wa zaka makumi awiri ndikudya fumbi la choko,
sindinawaonepo ndi diso.

Ndinaliwerenga usiku, udzudzu ukundiimbira m'khutu.
Akuti m'bwalo mumaima anthu asanu ndi anayi.
Wina aponya, wina amenya ndi chibonga.
Ukaphonya katatu, kakhale pansi.
Kuli ligi zazikulu
kumene munthu amalandira malipiro chifukwa chothamanga,
kulinso zazing'ono zimene amazitcha munda,
poti n'kumene amafesa anyamata
n'kudikira kuti aone amene amere.

M'mawa ndinatsamiritsa bolodi pa thunthu la nimu,
pakuti m'kalasi mwathu mukugona mabanja a ku Makhanga
chisefukireni madzi.
Funso la pa tsamba 41:
kodi timu ndi chinthu chimodzi kapena zambiri?

Zuze anakweza mkono: Chimodzi, sala. Timu yapambana.
Dinyero anakana: Nanga wathamanga ndani?
Timu ilibe miyendo. Anyamata apambana.
Ndinati nonse mwakhoza.
Limeneli ndi dzina la unyinji,
ngati khamu, ngati gulu la ng'ombe za a Khembo
zimene zimatseka msewu wa ku Nsanje
monga nyama imodzi ya nyanga makumi asanu.

Dzuwa litafika pa liwombo, aneni anayamba kuwodzera.
Ndinati dzukani, tikawaphunzire ndi miyendo.
Chibonga chinali mpini wa khasu,
mpira unali wa majumbo womanga ndi linya.
Ngodya yoyamba njerwa,
yachiwiri chivundikiro cha ndowa,
yachitatu patapata wa Zuze, woduka lamba.
Yachinayi, bukulo likuti, ndiyo kwanu,
ndipo kwanuko amakutcha mbale.
Tinabwereka mbale ya pulasitiki kwa mayi wina m'kalasimo.

Ndamenya! Nthawi yangothayi.
Ndikuthamanga! Nthawi ino.
Ndidzafika! Nthawi yam'tsogolo.
Ndikanafika, anatero Dinyero akupukuta bondo,
ndipo ndinam'patsa malikisi awiri.
Chigoli, ndinawauza, sichiwerengedwa
mpaka utabwerera pamene unachokera.

Pamenepo Fanita, amene salankhula m'kalasi,
amene yunifolomu yake inatsala m'matope kutsidya kwa Shire,
anaima atagwira mpini.
Sala, nanga kwanuko kukapita ndi madzi,
munthu amathamangira kuti?

Kumapeto kwa buku kuli mayankho.
Ndinatsegula. Ndinatseka.
Mbuzi inadutsa pakati pa bwalo, osapepesa.
Ndinangoti: Menya, mwanawe.

Anaphonya kamodzi. Anaphonya kawiri.
Kachitatu mpira unauluka kupitirira chimbudzi cha aphunzitsi
n'kukagwera m'mapira a eni ake.
Njerwa. Chivundikiro. Patapata.
Fumbi likumutsatira ngati mng'ono wake.
Koma belu la phala linali litalira kumsasa,
mwini mbale anali atabwera kudzatenga chake,
ndipo pamene panali kwanu
panangotsala chizindikiro chozungulira pa dothi.

Fanita anaponda pomwepo ndi mapazi onse awiri,
akupuma ngati mvukuto.
Ndafika? anafunsa.
Ndinati chotsa chizindikiro cha funso,
ika mpumiro.

Madzulo ndikuchonga makope pa khonde,
thukuta likudonthera pa inki yofiira,
ndinapeza m'kope mwake zitsanzo ziwiri za dzina la unyinji:
Mudzi wasamuka.
Anthu asamuka.
Ndinachonga zonse ziwiri.
Pansi pake anali atayamba chiganizo chachitatu,
mneni wake wa nthawi yam'tsogolo,
koma pensulo inathyoka asanamalize.